Mawu Ochokera ku Kuwait

Mawu a Medhat ndingawadziwe ngakhale mutanditseka m'maso n'kundiimika pakati pa msika wa mzinda wathu wa Zagazig. Ndi mawu okhuthala, aulesi pang'ono, ndipo asanayankhule amayamba wakhosomola kamodzi ngati akuodira pakhomo. M'mawa uliwonse ankanditumizira uthenga wa mawu pafoni, ine n'kumaumvera ndikumanga mpango.

"Sabreen, mwadzuka bwanji abwana a ana osamva? Amayi agula kale maswiti a Lachinayi. Ukayerekeza kuthawa ndikutsata pa njinga yamoto."

Lachinayi limenelo ndilo tsiku loti abale ake abwere kwathu, akhale pansi ndi bambo anga, awerenge pemphero la Fatiha, zathu zidziwike poyera. Zaka zanga zinali zitadutsa makumi atatu, azakhali anga anali atatopa nako kundipempherera. Koma sindinkamufuna Medhat chifukwa cha zaka ayi. Ndinkamukonda, ndimamukondabe, ndipo sindichita manyazi kunena.

Ntchito yanga ndi yoona za umoyo wa ana pasukulu ya pulayimale. Masamu sindiphunzitsa. Kwa ine amabweretsa mwana amene waba chakudya cha mnzake, amene wayamba kudzikodzera, amene amangosinza m'kalasi, ndipo ine ndimafufuza kuti kunyumba kwapsa chiyani. Medhat ndinakumana naye pageti la sukulu yomweyo, akudzatenga Sondos, mwana wa malemu mkulu wake Tharwat. Tharwat anamwalira chaka chatha ku Kuwait kumene ankagwira ntchito, ndipo anaikidwa komweko.

* * *

Sabata ya Lachinayilo itangoyamba, Abla Afaf, mphunzitsi wa Sondos, anatulukira mu ofesi mwanga atamugwira mwanayo padzanja. Kuno akazi ogwira ntchito pasukulu tonse timatchedwa Abla.

"Landira m'bale wako wam'tsogolo," anandinong'oneza. "Walakwa samu imodzi yokha. Wafufuta mpaka pepala kubooka, kenako wadziluma. Taona dzanjalo."

Mano anali atadinda bwinobwino pamkono. Sindinafunse kanthu. Mwana sumufunsa uli kuseri kwa tebulo ngati wapolisi. Ndinakhala pa kampando kakang'ono pafupi naye, n'kumupatsa pepala ndi mapensulo amitundumitundu. Anajambula msewu wa kwawo, nyumba yawo yosanjikizana, ndi munthu wamwamuna ataima kuseri kwa khoma, mutu wokha ukuoneka.

"Uyu ndi ndani, Sondos?"

"Ababa."

"Akutani kuseri kwa khoma?"

"Abisala."

Anayang'ana kukhomo, kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa foni yakale ya amayi ake, ija yosaloledwa pasukulu. Anadina. Munthu anakhosomola kamodzi.

"Sondos, kamwana kanga, ndi ababa ako kuno ku Kuwait. Ntchito yachuluka. Uzimvera amayi. Ukamakhoza zonse kusukulu ndibwera msanga."

Ndinamuzindikira pomwepo. Mawu anali atawakhuthalitsa dala, koma chifuwa chija ndinali nditachimva m'mawa womwewo ndikumanga mpango.

"Abla, mvetserani kumbuyoko," anatero mwanayo, n'kubwereza uthengawo.

Ndinamvetsera. Kutali pang'ono kunkamveka chitsulo: ngwe, ngwe, ngwe, kenako ngwe.

"Amenewo ndi a Sobhi ogulitsa gasi mumsewu mwathu. Amamenya botolo ndi sipanala katatu, kenako kamodzi. Ena samenya choncho." Anandiyang'ana m'maso. "Ababa sali ku Kuwait, Abla. Ali pafupi. Sakufuna kundiona chifukwa sindikhoza zonse."

Abale anga, ndamvapo zambiri mu ofesi imeneyi, koma apa ndinachita kugwira mpando.

Izi ndiye zimene akuluakulu samvetsa. Mwana wa zaka zitatu ukamuuza kuti womwalira wapita paulendo, kwa iye palibe kusiyana, zonse ndi kuchoka. Wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi munthu wina. Nzeru zake zayamba kulumikiza zinthu, amaona, amayerekeza, amakugwira bodza. Koma adakali ndi kamtima kaja koganiza kuti chilichonse choipa chachitika chifukwa cha iye. Ndiye akapeza kuti nkhani sikugwirizana, saganiza kuti akuluakulu anama, amaganiza kuti wolakwa ndi iyeyo. Bodza lili ngati diresi, mwana amakula koma ilo silikula.

"Sondos, zimene wandiuzazi ndi zazikulu," ndinatero. "Undilola ndikambirane ndi amayi ako ndi ababa ako aang'ono?"

"Akandikalipira chifukwa cha foni?"

"Za foni ndithana nazo ine."

Anagwedeza mutu kuvomera.

* * *

Nermeen, mayi wa Sondos, anabwera mawa lake. Mkazi wokongola, ndisaname, ndipo zakuda zimamukhala. Anali atamuuza mwanayo kuti zakudazo ndi za maliro a azakhali ena akumudzi. Amakhala m'nyumba ya banja, pamwamba pa apongozi ake, Hagga Insaf, amayi a Medhat. Pamwamba pa iyeyo ndi pamene Medhat ankakonza zipinda zathu.

Anakhala pansi, chikwama pamiyendo.

"Mwandiitana ngati Abla wa pasukulu kapena ngati mkwatibwi wa alamu anga?"

"Ngati Abla. Mkwatibwi akanabwera kwanu ndi keke."

Ndinamuonetsa chithunzi chija n'kumufotokozera za a Sobhi ndi sipanala yawo. Anayang'ana chithunzicho, koma msozi sunagwe.

"Analamula ndi Hagga," anatero. "Anati mwana ndi wamng'ono, adzamva akakula. Masiku a maliro anamutumiza kwa makolo anga. Ine pano ndimalirira kubafa, mpopi nditatsegula kuti asandimve."

"Ndiye muuzeni. Ine sindingamuuze, si malo anga. Ayenera kumva kwa inu, pamaso pa anthu amene amawadalira, ndi mawu osazungulira. Ine ndikhala pambali kukuthandizani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka kaphwete kosasangalatsa.

"Abla Sabreen, sukulu munapita, koma simukudziwa khoma limene mukugwetsa. Masiku anga olira atangotha, Hagga anafuna kuti Medhat andikwatire, mwana akulire m'manja mwa magazi ake. Mukudziwa chinawaletsa? Akanamuuza bwanji Sondos kuti amayi ake akukwatiwa ndi ababa aang'ono, ababa ake ali moyo ku Kuwait? Bodza mukulidali ndi limene lakusungirani mwamuna."

Ndinamufunsa mosazungulira.

"Nanga inu mumamufuna?"

"Ine ndimafuna kuti mwana wanga asamatchedwe wamasiye. Komanso Medhat si munthu wotopetsa kumuyang'ana, mukudziwa nokha." Anaimirira. "Mukanakhala ochenjera mukanadikira ukwati wanu udutse."

"Mukanakhala ine mukanadikira?"

"Ine si inu. Ine ndili ndi mwana, inu muli ndi mabuku."

Mawuwo anandibaya, koma sindine munthu woonetsa bala pamaso pa wondibaya. Ndinamuperekeza mpaka pageti ndikumwetulira. Pobwerera ndinadzera kwa ahedi kukawauza kuti nkhani ya Sondos ikatha kuululidwa, azidzaitsatira ndi mnzanga wina, chifukwa ine banjalo landiyandikira kwambiri.

* * *

Ndinamulembera Medhat: "Tikumane pogulitsa madzi a nzimbe, m'mbali mwa ngalande, ndikaweruka."

Anayankha nthawi yomweyo: "Wandisowa kale? Lachinayi latalika eti?"

"Ubwere ndi chifuwa chako chija."

"Chifuwa chanji?"

"Cha ku Kuwait."

Ndinabweza foni m'chikwama.

Ndinamupeza atafika kale, matambula awiri ali patebulo, thovu litayamba kuda. Nkhope yake inali ngati ya mwana amene wagwidwa dzanja lili m'shuga.

"Takulandirani, a paulendo," ndinatero. "Ndege inatera bwino?"

"Sabreen, usandiseke."

"Sindikuseka. Bwanji sunandiuze?"

"Ndinkadziwa kuti undiyang'ana mmene ukundiyang'aniramu." Anapukuta kumaso. "Mwana anasiya kudya, ankangogwira foni kudikira bambo ake. Amayi anati, iwe mawu ako ndi a mkulu wako, tayankhula kamodzi kokha. Ndinayankhula, mwana anadya. Ukanakhala iwe ukanatani? Ukuganiza kuti zimandikomera? Ndikamaliza kujambula ndimakhala pamasitepe osatha kuimirira. Ameneyo anali mkulu wanga, Sabreen."

Ndinamumvera chisoni, ndipo ndinamukonda kuposa kale, chifukwa bodza lake linali lachifundo. Koma chifundo chimapwetekanso. Ndinamuuza zonse, za dzanja lolumidwa, za munthu wa kuseri kwa khoma, za a Sobhi. Nditafika poti "sakufuna kundiona chifukwa sindikhoza zonse", anaika tambula pansi mwamphamvu mpaka madzi kutayika.

"Mawu amenewo ndinangonena kuti azilimbikira."

"Ndikudziwa. Iye anawatenga ngati pangano."

Anayang'ana matukutuku, tinjinga tamoto ta matayala atatu tija, akudutsa pamlatho.

"Chabwino, timuuza," anatero. "Koma tidikire. Fatiha idutse, tilembetse ukwati, miyezi ingapo chabe. Amayi anga ukuwadziwa. Akangoona kuti chowaletsa chachoka, abwereranso ku nyimbo yawo ya Nermeen."

"Miyezi ingapo kwa iwe ndi kupenta zipinda. Kwa Sondos ndi mayeso a sabata iliyonse, ndipo mayeso aliwonse ndi mano pamkono. Ine ndizimuona m'mawa uliwonse pamzere, ndikudziwa kuti ndamugulitsa kuti ndivale mphete?"

"Ndiye ine ndi wosafunika?"

"Ndiwe wofunika kwambiri, n'chifukwa chake sindikufuna kukupeza mwakuba. Kodi iwe ndi thumba la mpunga loti amayi ako angalinyamule kukalitula khomo lina? Uli ndi pakamwa. Ukawauze kuti ukufuna Sabreen."

Anamwetulira pang'ono. "Pakamwa pako pamenepa padzandipha."

"Udzafa wokondwa."

"Ndalumbira, Sabreen. Kaya kugwe chiyani, Lachinayi ndili pakhomo panu."

Ndinamukhulupirira. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo, ndinasita ngakhale diresi langa lobiriwira n'kulipachika kuseri kwa chitseko.

* * *

Lachitatu masana ine, Medhat ndi Nermeen tinasonkhana pabalaza pa Hagga Insaf. Mipando ya golide inali itavundukulidwa nsalu zake, maswiti a mawa ali m'mabokosi pamwamba pa kabati. Hagga anakhala pampando wawo wapakona, mikanda yopempherera ikuyenda m'zala. Sondos anali m'chipinda china akuonera makatuni.

"Ndiye mwana wanga," anayamba Hagga, "usanalowe n'komwe m'nyumba muno wayamba kale kusuntha mipando?"

"Hagga, mundikhululukire, sindinabwere kudzakuphunzitsani kulera. Mwalera amuna awiri abwino. Koma mdzukulu wanu akudziluma."

"Ana onse amadziluma. Ife tinakula osauzidwa za imfa, tili bwinobwino."

"Iyeyu wadziuza yekha nkhani yoipa kuposa imfa. Akuti bambo ake ali mumsewu muno ndipo amuda."

Mikanda inaima.

"Amayi," anatero Medhat, "ine sindijambulanso. Kaya mukwiya, kaya mutani, ndasiya."

Hagga anayang'ana mwana wawo, kenako Nermeen, kenako ine. M'maso mwawo munali misozi, komanso munali kena kake kamene sindinakakonde.

"Ukuti timumvere mwana, eti Abla?"

"Inde, Hagga. Mwana amanena chimene akusowa, bola timumvere."

"Chabwino. Muitaneni."

Sondos analowa akukoka masilipasi. Nermeen anamukhazika pamiyendo. Tinali titakambirana kale kuti asanene zoti agona, kapena atisiya, kapena apita kutali, chifukwa mawu otero ndi amene amasiya mwana akudikira pawindo. Ndimuyamikire mkazi uja, ananena bwino kuposa mmene ndinamuuzira.

"Sondos, ndikuuza zoona zimene ndinayenera kukuuza kalekale. Ababa ako anadwala mtima ku Kuwait, ndipo anamwalira. Sadzabweranso. Si chifukwa cha iwe, si chifukwa cha masamu. Ankakukonda mpaka tsiku lomaliza."

Mwanayo anayang'ana aliyense wa ife, mmodzimmodzi.

"Sanabisale?"

"Sanabisale, mwana wanga."

"Ngakhale ndikhoze zonse sabwera?"

"Ngakhale ukhoze zonse."

"Ngakhale ndilakwe zonse sakwiya?"

Apa Nermeen anangomukumbatira, ndipo kwa nthawi yoyamba analira mpopi osatsegula. Hagga anaphimba nkhope ndi mpango. Sondos analira nawo, kulira kwenikweni kwa mwana, kokweza, kotuluka mamina. Ine mumtima ndinati alhamdulillah, chifukwa kulira kotero kumachiritsa.

Kenako Sondos anadzutsa mutu.

"Nanga amayankhula pafoni ndani?"

Medhat anagwada pansi pamaso pake. "Ndine, Sondos. Ndinalakwa. Ndinkafuna kuti udye."

Mwanayo anatsika, namumenya pachifuwa ndi tizibakera take, kamodzi, kawiri, kangapo. Medhat sanatchinge. Atatopa anaima akupuma mwabefu, akumuyang'anitsitsa.

"Takhosomolani."

Medhat anakhosomola.

"Tanenani kuti kamwana kanga."

"Kamwana kanga."

Sondos anamukwera, namukoleka manja m'khosi, nkhope n'kuibisa m'malaya mwake. Mawu ake anatuluka otsamwa, koma tonse tinawamva.

"Ndiye basi, ndizingoti Ababa. Aang'onowo ndachotsa. Koma musapite kwina, muzikhala ndi ife."

Ndimadziwa bwino lomwe chimene chinkachitika. Mwana amene wangotaya munthu amagwira mwamphamvu amene ali pafupi, ndipo zimenezo n'zabwino. Akufuna munthu wosachoka, sakunena za ukwati wa wina aliyense. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma Hagga ananditsogolera. Anapukuta misozi, nawongola msana.

"Abla Sabreen, wathandiza nyumba ino, Mulungu akudalitse. Unati timumvere mwana." Analoza ndi mikanda ija. "Wamumva?"

"Hagga, chimene mwanayu akutanthauza..."

"Ine sindinapite ku yunivesite, koma makutu ndili nawo. Ukawauze bambo ako kuti mawa asavutike ndi tiyi. Banja lino lili ndi zokambirana zake kaye."

Nermeen anaweramitsa mutu. Sanasangalale poyera, koma sanatsutsenso.

Ndinatembenukira kwa Medhat. Munthu wa mawu okoma uja, woyankhula m'mawa uliwonse, woyankhulira ngakhale akufa. Anandiyang'ana pamwamba pa mutu wa mwana, anayesa kuimirira, Sondos anamufinya khosi n'kukuwa kuti, "Musapite!" Anabwerera pansi. Milomo yake inayenda, koma sipanatuluke kanthu.

Ndinatola chikwama changa. Ndinapsompsona Sondos pamutu, ndinatsanzika Hagga mwaulemu wonse, ndinatsika masitepe mutu uli m'mwamba.

* * *

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. A Sobhi ankadutsa ndi ngolo yawo ya mabotolo a gasi, ngwe, ngwe, ngwe, kenako ngwe. Ndinafuna kuwalanda sipanala ija n'kuiponya m'ngalande, komanso ndinafuna kuwapsompsona dzanja.

Zinandiwawa, ndisabise. Ndinalira m'tukutuku njira yonse, woyendetsa mpaka anatsitsa wailesi. Koma sindinalakwe, ndipo atati abweze sabata ija ndingachite chimodzimodzi. Mwana uja sadzadzilumanso chifukwa cha samu. Za Medhat, analumbira yekha, sindinamukakamize. Diresi lobiriwira sindinalichotse kuseri kwa chitseko, ndipo amayi anga atafunsa ngati aphike zambiri, ndinawauza kuti aphike.

Ndili mkati movula mpango, foni inalira. Uthenga wa mawu, wochokera kwa Medhat. Ndinakhala pabedi, ndinapuma kaye, ndinadina.

Anakhosomola kamodzi.

"Sabreen, tamvera. Za mawa zija, ine..."

Chitseko chinatseguka kumbuyo kwake. Ndinamva mawu a Nermeen, ofewa, apafupi kwambiri ndi foni.

"Medhat, tabwera. Mwana akukana kudya, akuti mpaka ababa ake akhale patebulo."

Uthenga unathera pomwepo.